Zimene Dontho la Magazi Linkabisa

Kuzizira kwa mapiri a Dedza kumapusitsa. Munthu akaona nkhungu ya mu June itakuta minda ya mbatatesi ku Kabwazi, angaganize kuti udzudzu ulibe pokhala kuno. Koma mvula ikagwa, madambo akadzaza, ana amatentha thupi ngati kwina kulikonse, ndipo amene amatsikira ku Golomoti ndi ku Mtakataka kukachita geni sabwerako ndi usipa wokha. Mwana wodwala akafika kuchipatala, choyamba ndi kumubaya chala. Masiku ano kadontho ka magaziko amakadontheza pa kachipangizo kapulasitiki n'kudikira mphindi 15 kapena 20 kuti aone ngati patuluke mizere iwiri. Tizipangizo timeneti tinafalikira m'zipatala za m'Malawi mu 2011. Kale, kumene kunali labu, magaziwo ankawapaka pa kagalasi ndipo yankho linkabwera m'mapulasi. Mpaka lero achikulire akamasimba za matenda amene anatsala pang'ono kuwatenga amati, "Anandipeza ndi malungo a foo pulasi."

Ntchito ya pa kagalasi ija ndi yofuna kuleza mtima. Wa mu labu amapaka magazi, n'kudikira kuti aume, kenako amawaviika mu utoto wa Giemsa kapena wa Field. Akatero amadonthezapo mafuta, n'kutsitsa diso la maikulosikopu mpaka likhudze mafutawo, ndipo zimene zili pagalasi zimakula ka 1,000. Kachilombo ka malungo kamaoneka ngati kamphete kabuluu kokhala ndi kadontho kofiira pambali. Dzanja limodzi limayendetsa galasi, lina limapotokola kagudumu kowongolera kuti zioneke bwino, pakamwa akuwerenga chamumtima. Kumene kunalibe magetsi, kuwala ankakutenga padzuwa ndi kakalilole ka pansi pa makinawo, moti kukachita mitambo odwala ankadikira.

Zonse zimene diso limaona pamenepo ndi zaphwatalala. Selo lofiira la magazi ndi pafupifupi mamaikulomita 7 kapena 8 m'mimba mwake, kutanthauza kuti maselo oposa 100 atandandalikidwa pamzere sangakwane milimita imodzi, ndipo pagalasi selolo lafa kale, lauma, laphwanyidwa. Kwa zaka zoposa 100 madokotala a m'dziko muno ankadziwa malungo kudzera m'chithunzi chaphwatalala chimenechi. Chinapulumutsa anthu ambirimbiri. Koma chimene chimapha mwana wokomoka ndi malungo sichikhala m'dontho la pachala.

Kachilombo ka malungo kanaoneka koyamba mu 1880, pamene dokotala wa asilikali a France, Alphonse Laveran, anakapeza m'magazi a wodwala ku Constantine m'dziko la Algeria. Mu 1897 Ronald Ross anakapeza m'mimba mwa udzudzu ku India. Sipanapite nthawi, mu 1899, J. W. W. Stephens ndi S. R. Christophers anali ku Blantyre ndi mamaikulosikopu awo, otumidwa ndi Royal Society ya ku London. Chimene chinkawadetsa nkhawa kwambiri owatumawo ndi imfa za azungu, makamaka matenda okodza mikodzo yakuda amene ankapululutsa amishoni ndi eni minda ya khofi. Akatswiriwa atapitiriza ntchito yawo ku West Africa n'kuona kuti ana achikuda ambiri ali ndi tizilombo m'magazi, malangizo amene anatulukapo sanali oti anawo athandizidwe. Anali oti nyumba za azungu zimangidwe kutali ndi midzi.

M'chigawo chapakati maikulosikopu inadziwika chifukwa cha matenda ena, a kaodzera. Mu 1910 Stephens yemwe uja, pamodzi ndi H. B. Fantham, anafotokoza za kachilombo ka kaodzera kamene kanapezeka mwa munthu wolumidwa ndi kashembe kuchigwa cha Luangwa, nakatcha Trypanosoma rhodesiense. Boma la Britain linachita mantha kuti matendawa angafalikire m'Nyasaland, choncho pakati pa 1911 ndi 1914 kunabwera gulu lofufuza lotsogoleredwa ndi David Bruce. Msasa wawo anaumanga pa phiri la Kasu, pa mapiri oyang'ana kuchigwa cha kunyanja kumene kunali kashembe wambiri. Mkazi wake, Mary Bruce, ndiye anali katswiri wa magalasi ndi zojambula. Kamera yojambula bwino tizilombo inali yosowa, ndiye ankajambula pamanja mothandizidwa ndi kachipangizo koonetsa chithunzi cha mu maikulosikopu papepala, iye n'kumangotsata ndi pensulo. Akajambula ankayeza kutalika kwa kachilombo kalikonse, mazanamazana, kuti afananitse tizilombo ta mwa anthu, ta m'nyama zakutchire ndi ta mwa kashembe. Bruce anatsimikiza kuti tonseti ndi tamtundu umodzi, ndipo analangiza kuti nyama zakutchire za m'madera a kashembe ziphedwe. Pa zoti nyama zimasunga kachilomboka sanalakwe. Koma tizilombo tofanana kutalika si kuti ndi timodzi m'zonse: pambuyo pake zinadziwika kuti kena kamapha munthu pamene kanzake kooneka chimodzimodzi kamafa kakangolowa m'magazi a munthu. Pensulo ndi rula sizikanatha kusiyanitsa zimenezo.

Kwa anthu a m'midzi, nthawi imeneyo inali ya kupapasidwa m'khosi, kubayidwa, ndi kuletsedwa kuyenda. Magazi ankapita kumsasa wa azungu, yankho osabwera. Wolemba mbiri Luise White, m'buku lake la mu 2000 lotchedwa Speaking with Vampires, anaonetsa mmene mphekesera za anthu opopa magazi ku Northern Rhodesia zinkayendera limodzi ndi ntchito za atsamunda, kuphatikizapo zothana ndi kashembe. Kwathu kuno nkhani ya anamapopa inabukanso mu 2002 komanso mu 2017, pamene anthu angapo anaphedwa m'maboma a kum'mwera monga Mulanje ndi Phalombe. Kupha munthu pa mphekesera n'kulakwa kosafuna kukambirana. Komabe aliyense wotenga magazi a munthu osamufotokozera kumene akupita adziwe kuti akuthirira mbewu imene inafesedwa kalekale.

Tibwerere ku malungo. Kachilombo ka Plasmodium falciparum, kamene ndi kofala kuno, kamatenga maola 48 kuti kakule m'selo lofiira n'kuliphulitsa. Pa theka loyamba la nthawiyo selolo limayenda m'magazi ndipo limakodwa m'dontho la pachala. Pa theka lachiwiri limamera timatuza panja n'kumata m'makoma a timitsempha ting'onoting'ono ta mu ubongo, m'matumbo ndi m'ziwalo zina. Madokotala a ku Rome, Ettore Marchiafava ndi Amico Bignami, anaziona zimenezi m'mitembo m'zaka za m'ma 1890. Ndiye kuti mwana akhoza kukhala ndi pulasi imodzi pagalasi pamene mitsempha ya m'mutu mwake yadzaza thothotho. Akhozanso kukhala ndi mapulasi ambiri koma chimene chamukomola ndi matenda ena.

Funso loti chamukomola mwana n'chiyani ndi limene Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor analimbana nalo kuyambira mu 1986 pa chipatala cha Queen Elizabeth Central, chimene ambiri amangoti ku Gulupu. Mu 1989, pamodzi ndi Jack Wirima ndi Ankie Borgstein, anafalitsa njira yoyezera kukomoka kwa mwana wosadziwa kuyankhula, imene dziko lonse limaitchula ndi dzina la mzinda wa Blantyre. Kenako mu 1996 anayamba ntchito yovuta kuposa zonse: kupempha makolo amene mwana wawo wangomwalira kumene kuti alole thupi lipimidwe. Taganizirani namwino akuyandikira mayi amene akulira pakhonde la wodi, achibale akukambirana za galimoto yonyamula maliro, iye n'kuyambitsa nkhani yoteroyo. Ambiri ankakana, ndipo palibe angawadzudzule. Koma pofika mu 2010 mabanja oposa 100 anali atavomera. Mayina awo sali pamwamba pa malipoti a sayansi, koma chilichonse chimene chinadziwika chinachokera pa kuvomera kwawoko.

Madokotala opima matupi, pakati pawo George Liomba ndipo pambuyo pake Steve Kamiza, ankatenga tizidutswa ta ubongo, kutiumitsa m'phula, n'kutisenga ndi makina kukhala timagawo topyapyala, mamaikulomita 4 kapena 5, toti kuwala kudutse. Lipoti la mu 2004 linadzidzimutsa madokotala ambiri. Mwa ana 31 amene ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo, 7 analibe tizilombo tomata m'mitsempha ya ubongo, ndipo anafa ndi matenda ena. Chimene chinkasiyanitsa bwino magulu awiriwa mwana akadali moyo chinali kuseri kwa diso. Dokotala wa maso Susan Lewallen anali ataona kale kuti mwana wa malungo enieni a mu ubongo amakhala ndi mawanga oyera, timitsempha tosintha mtundu ndi madontho a magazi mkati mwa diso.

Komabe kagawo kopyapyala ndi chithunzi chaphwatalala basi. Mtsempha umene umakhota, kugawika n'kulowa pansi, pakagawo umaoneka ngati timabowo tobalalika. Mlimi wa mbatatesi amalidziwa vuto limeneli. Mbatata imene mphutsi yaboola, ukaidula m'magawo, gawo lililonse limangoonetsa kadontho kakuda, pena pakati, pena pambali. Njira imene mphutsiyo inayenda umaiona pokhapokha utasanjikiza magawowo mmene analiri, n'kutha kuona mkati mwa mulu wonsewo popanda kuuphwasula.

Kusanjikiza kumeneku kunayamba ndi manja. Mu 1883 Gustav Born wa ku Breslau anafotokoza njira yojambulira kagawo kalikonse pa phula losalala, kulidula motsata chojambulacho, n'kuunjika maphulawo mpaka patuluke chiumbo chachikulu cha mluza kapena chiwalo. Ntchito ya chiumbo chimodzi inkadya miyezi. Ngakhale mu 1986, pamene John White ndi anzake ku Cambridge anatulutsa mapu a maselo 302 a mitsempha ya kanyongolotsi kotalika milimita imodzi, ntchito yaikulu inali itagwiridwa ndi maso ndi zolembera pa zithunzi zikwizikwi, kwa zaka zoposa 10.

Zinthu ziwiri ndi zimene zinasintha ntchitoyi. Choyamba ndi maikulosikopu yotha "kudula" ndi kuwala m'malo mwa mpeni. Marvin Minsky anaipanga ali ku Harvard ndipo anailembetsa mu 1957. Nzeru yake ndi kabowo kakang'ono koikidwa kutsogolo kwa chojambulira: kuwala kochokera pamalo amene diso la makina lalunjika kumadutsa, kochokera pamwamba kapena pansi pake kumatsekeredwa. Ukajambula, umatsitsa pang'ono n'kujambulanso, mpaka utapeza mulu wa zithunzi 50 kapena 200 za selo limodzi losadulidwa. Makinawa, otchedwa confocal, anagona zaka pafupifupi 30 kudikira kuwala kwa laser ndi makompyuta, mpaka John White yemwe uja ndi Brad Amos atapanga ogwira ntchito bwino chapakati pa zaka za m'ma 1980.

Chachiwiri ndi njira yoti kompyuta ionetse muluwo ngati chinthu chimodzi. Kompyuta imagawa muluwo m'timabokosi ting'onoting'ono totchedwa voxel, kalikonse kali ndi nambala yosonyeza kuwala kumene kunapezeka pamenepo. Mu 1987 William Lorensen ndi Harvey Cline a kampani ya General Electric anatulutsa njira yopezera khungu la chinthu: kompyuta imafufuza malire a pamene manambala akwera kupitirira mlingo wina, n'kuluka chikopa cha timakona titatu-titatu pamalirepo. Chaka chotsatira, Marc Levoy ku University of North Carolina, komanso Robert Drebin, Loren Carpenter ndi Pat Hanrahan a kampani ya Pixar, imene inadzatchuka ndi makatuni, anaonetsa njira ina. Pa kadontho kalikonse ka pasikirini, kompyuta imatumiza mzere wolowa m'muluwo. Kabokosi kalikonse kamene mzerewo wadutsa kamapereka mtundu wake ndi kuchuluka kwa mmene kakutchingira za kuseri kwake, ndipo zonsezo zikaphatikizidwa pamatuluka kadontho kamodzi ka chithunzi. Ukatembenuza chinthucho ndi mbewa ya kompyuta, masamu onsewo amayambiranso. Kale zinkatenga mphindi zambiri pa chithunzi chimodzi. Lero laputopu yabwino imachita zimenezi diso lisanaphethire, chifukwa cha zipangizo zimene zinapangidwira magemu.

Apa pali poyenera kuchenjera. Chithunzi cha 3D cha selo la malungo, chofiira kunja, chobiriwira mkati, chikuzungulira pasikirini, chimakhutiritsa msanga kuposa mmene chiyenera. Mitunduyo si ya selolo, anaisankha ndi munthu. Munthu yemweyo ndiye amasankha manambala amene akhale oonekera mkati ngati madzi ndi amene akhale olimba, ndipo akasuntha mlingowo pang'ono, zinthu ziwiri zotalikirana zimaoneka zogundana. Komanso maikulosikopu ya kuwala imaona bwino cham'mbali kuposa chakuya: cham'mbali imasiyanitsa zinthu zotalikirana pafupifupi mananomita 200, pamene chakuya pamafunika kuwirikiza kawiri kapena katatu. N'chifukwa chake kanthu kobulungira kamatuluka kotalika ngati sikanakonzedwe. Mary Bruce ankadziwa kuti dzanja lake likhoza kupotoza mzere. Wa pakompyuta amaiwala msanga kuti nayenso ali ndi dzanja.

Ku Malawi, kuona mkati mwa thupi mwa njira yosanjikiza magawo kunapindula koyamba ndi makina amene si maikulosikopu, ngakhale mfundo yake ndi yomweyo. Mu 2008 ku Gulupu kunafika makina a MRI oyamba m'dziko muno, a General Electric, kudzera mu ubale ndi Michigan State University. Makinawa amajambula mutu m'magawo munthu ali moyo. Sam Kampondeni ndi Michael Potchen ankawerenga zithunzi za ana okomoka n'kupereka mlingo wa kukula kwa ubongo kuyambira 1 mpaka 8, osauzidwa kuti mwanayo anachira kapena ayi. Zotsatira, zimene Karl Seydel ndi anzake anafalitsa mu 2015 mu New England Journal of Medicine, zinali zomveka: mwa ana 168, 25 anamwalira, ndipo 21 mwa iwo anali ndi ubongo wotupa kwambiri. Mwa amene anachira, otupa chomwecho anali 27 pa 100 alionse, ndipo kutupako kunkaphwa. Ubongo ukatupa m'chigaza chimene sichitanuka, umakankhikira pansi n'kupsinja tsinde lake, pamene pali mbali yolamulira kupuma, ndipo mwana amangosiya kupuma. Zaka zonse zopima mitembo sizinaonetse zimenezi momveka, chifukwa chigaza chikatsegulidwa kupanikizika kuja kumatha. Panafunika kuona ubongo uli m'malo mwake, wathunthu. Zitadziwika izi, ku Blantyre komweko anayamba kuyesa ngati makina othandiza kupuma kapena madzi amchere wambiri a mudiripi angamusunge mwana mpaka kutupa kutaphwa. Anayesanso kachipangizo kogwira m'manja ka OCT, kojambula kuseri kwa diso m'magawo opyapyala, pa ana ogona m'wodi momwemo.

Zithunzi zakuya za kachilombo kenikeniko zajambulidwa kwambiri kunja. Ku Melbourne, mu 2011, David Riglar, Jake Baum ndi anzawo anaonetsa mu 3D mmene kachilombo ka malungo kamalowera m'selo lofiira kudzera m'kamphete kothina kamene kamapanga kokha, ntchito imene imatha pasanathe mphindi imodzi. Zamoyo ndi mafupa a kuno nazonso zayenda ulendo womwewo. Mitu ya mbuna za m'nyanja ya Malawi yajambulidwa ndi makina a micro-CT m'mayunivesite a ku America ndi ku Ulaya pofufuza mmene nsagwada za mitundu yambirimbiri ya nsombazi zinasiyanirana. Mu 2019 chigaza cha Malawisaurus, chinyama chakale chofukulidwa ku Mwakasyunguti m'boma la Karonga, chinajambulidwa ndi CT, ndipo kompyuta inaumba malo amene munali ubongo wake ndi khutu lamkati. Pa olemba lipotilo panali Elizabeth Gomani Chindebvu, Mmalawi amene anachita ukatswiri wake pa mafupa omwewo.

Kuyambira pa phiri la Kasu mpaka pano, kawirikawiri magazi, minofu, nsomba ndi mafupa zimachokera kuno, pamene makina ndi zithunzi zimakhala kwina. Zinthu zasintha ndithu kuyambira pamene sukulu ya madokotala inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, imene mu 2021 inalowa mu Kamuzu University of Health Sciences, komanso pamene bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome linakhazikitsidwa mu 1995. Amalawi tsopano akutsogolera okha kafukufuku. Ndipo mbali ya ntchitoyi imene ili ya pakompyuta siilinso yodula. Pulogalamu ya ImageJ, imene Wayne Rasband anatulutsa mu 1997 ku National Institutes of Health, ndi mphukira yake yotchedwa Fiji, n'zaulere, ndipo zimatha kutsegula mulu wa zithunzi za confocal n'kuuzunguliza. Mwana wa sekondale wa ku Linthipe kapena ku Lobi amene wapeza laputopu akhoza kuphunzira kuyeza kukula kwa selo ndi pulogalamu yomweyo imene akugwiritsa ntchito ku Cambridge.

Chimene chimamutsekereza ndi magetsi, mphunzitsi, ndi bando ya intaneti. Mafayilo amenewa ndi olemera. Ubongo wa ntchentche ya pazipatso, umene mapu ake a maselo pafupifupi 140,000 anatuluka mu 2024, unadulidwa m'magawo oposa 7,000, ndipo zithunzi zake zokwana 21 miliyoni zinadzaza materabaiti pafupifupi 100. Mulu wa zithunzi za selo limodzi ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi zimenezo, komabe ungathe kumaliza bando ya mwezi wonse ya mwana wasukulu.

Palinso nkhani ya umwini. Magazi kapena kachidutswa ka thupi kasanatuluke m'dziko muno, makomiti oona za kafukufuku wa zaumoyo, monga NHSRC ndi COMREC, amafuna mgwirizano wolembedwa wonena kumene kakupita ndi chimene akakachite nako. Kachidutswako kamatha akakagwiritsa ntchito. Fayilo ya 3D yochokera m'kachidutswa komweko simatha: ikhoza kukopedwa kambirimbiri, kuyezedwanso patapita zaka 20 ndi munthu amene sanafikeko ku Malawi, kapena kuphunzitsira makompyuta ozindikira matenda amene adzagulitsidwe kwa ife tomwe. Mafomu opempha chilolezo a m'zaka za m'ma 1990 analembedwa zimenezi zisanafike. Amene akulembedwa lero akuyenera kunena m'Chichewa chomveka kumene zithunzizo zidzasungidwe, amene adzaloledwe kuzitsegula, ndiponso ngati wophunzira wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe adzazipeze popanda kupempha kunja.